Sophia Anasiya Mpunga Uli M'munda

Mukafika pa Kachulu mudzamva munthu akukuwa kuti "Zomba! Zomba! Watsala m'modzi!" chonsecho minibasi ili mbee, mulibe ngakhale nkhuku. Ameneyo ndine, Bizweki, woyitanira. Pakamwa panga ndiye khasu langa. Koma nkhaniyi si yanga. Ndi ya msuweni wanga Sophia, mwana wa azakhali anga, ndipo ndikuilemba chifukwa anthu pano ayamba kale kunena kuti Sophia anathawa ndi mwamuna wa ku Limbe. Amene akunena zimenezo abwere adzanene ine ndili pompo.

Sophia anabadwira kwa Mwambo konkuno, kamtunda pang'ono kuchoka padoko, pamalo pomwe anabadwira amayi ake ndi agogo ake. Sukulu anailekeza panjira azakhali atadwala miyendo. Ali kamtsikana ankadziwa kale kuwamba milamba osaipsereza, ndipo anthu ogula a ku Zomba ankachita kufunsa kuti "ya mwana uja ili kuti?" Anali wamfupi, wa mapazi otambalala, woyenda ngati wachedwa. Kukwaya ankaimba mawu apansi aja amene suwamva akakhalapo koma umadziwa msanga akajomba. Azakhali atamwalira anamusiyira nyumba, mitengo ya mango, ndi ndime ya mpunga kudambo, yomwe imakathera m'njedza, udzu wautali uja umene wazungulira nyanja yathu ya Chilwa.

Ndime imeneyo Sophia ankainena ngati munthu. "Lero yadzuka bwino." "Lero ili ndi ludzu." Chaka chija nyanja inaphwa mpaka anthu ankapita ku chilumba cha Chisi wapansi, ena onse anagwira tsaya. Iye anadzala nyemba ndi mbatata pamatope pomwe panali madzi, n'kumagulitsa pasiteji pomwe pano, akunditukwana kuti ndikuthamangitsa makasitomala ndi kununkha m'kamwa.

Poti ndife asuweni, chipongwe chinali chakudya chathu. Ine ndikamuona ndinkati, "Mkazi wanga wamkulu, wandiphikira chiyani?" Iye ankati, "Amuna anga achabechabe, munagula ndiwo yanji?" Anthu pasiteji ankaseka. Aliyense kuno amadziwa kuti asuweni amatero, palibe chili kuseri.

Edwadi anabwera kuchokera kutsidya, mbali ya ku Phalombe, kudzapha nsomba. Munthu wa ntchito, zimenezo sindingamunamizire. Anafunsira bwinobwino, ankhoswe anakhala pansi, ndipo mbali ya Sophia nkhoswe anali bambo anga a Clement, poti ndiwo malume ake. Monga mwa chikamwini chathu, mwamuna ndiye anasamukira kwa mkazi. Anamanga nyumba ya malata pa nthaka ya azakhali. Kunabadwa mwana wamkazi, Mwayi. Poyamba Edwadi ankaseka nawo nthabwala zathu zija. Kenako anasiya kuseka. Kenako Sophia ndiye anasiya kuyankha. Ndikati "mkazi wanga wamkulu", iye ankangoti, "Mwaswera bwanji achimwene," maso ali kumbali. Kukwaya anasiya. Foni yake inayamba kukhala m'thumba la Edwadi.

Zoti amamenyedwa tinkadziwa tonse. Bambo anakhalapo pa nkhani zawo kambirimbiri. Edwadi ankapepesa, Sophia ankauzidwa kuti apirire, aliyense n'kubwerera kwawo.

M'mwezi wa Malichi, nyanja atangoitsegula kuti asodzi ayambenso kukoka makoka, Sophia anafika padoko masana dzuwa likuswa mtengo atakulunga mpango m'khosi ngati ndi Juni. Ndinamuputa mwachizolowezi. Anatsegula pakamwa, mawu osatuluka, kungomveka kamphepo. Nditamuyang'anitsitsa ndinaona kuti m'maso mwake, moyera muja, muli madontho a magazi. Ndinakoka mpango uja. Zala za munthu zinali zitadindika pakhosi, uku ndi uku.

Minibasi ndinaisiya ili theka. Dalaivala anandikuwira, ine ndinamuyankha mawu amene sindingawalembe pano. Ndinamukweza Sophia pa kabaza mpaka kuchipatala chaching'ono chakwathu. Namwino atangoona khosilo sanafunse zambiri. Anamuyeza, analemba lipoti la kupolisi, n'kutuma munthu kukaitana mayi Falida.

Mayi Falida ndi mlangizi woona za nkhanza za m'mabanja m'dera lathu lonseli, kuyambira kwa Mwambo mpaka kwa Kuntumanji, yekhayekha ndi njinga yamoto imene imalira ngati chigayo. Ndi mayi wachisilamu, woonda, wolankhula pang'onopang'ono moti munthu ngati ine ndimafuna kumumalizira mawu. Atalowa anandiyang'ana.

"Inu ndi ndani wake?"

"Msuweni wake. Ndipo ndikuuzeni mayi, galu ameneyu ndikamupeza..."

"Tulukani kaye."

"Ndituluke? Ndabwera naye ndine!"

"Mwachita bwino. Koma khosili ndi lake. Tulukani, tikuitanani."

Ndinatuluka ndikuwira. Ndinazungulira mtengo wa pachipatala paja mpaka agogo ena odikira mankhwala anandifunsa ngati mkazi wanga ali m'chikuta.

Atandiitana ndinapeza Sophia akumwa madzi movutikira. Iye ndiye anapempha kuti ndilowe, ndipo anawalola mayi Falida kundifotokozera zimene anakambirana. Ine ndinkayembekeza kuti mlangizi afunse kuti anayambana chifukwa chiyani, wolakwa ndani, monga amafunsira ankhoswe. Ayi. Zimenezo sanafunse n'komwe. Mafunso awo anali ena. Kumenyaku kukuchepa kapena kukukula? Pakhosi wayamba liti kukugwirani? Munaona mdima? Amakutsatirani mukapita kumsika? Chikwanje chimagona pati? Ananenapo zokuphani? Nanga zodzipha yekha? Ndipo lomaliza: inuyo mumtima mwanu, mukuona kuti angakupheni?

Pa limenelo Sophia anagwedeza mutu kuvomera. Ananong'ona kuti Edwadi anamuuza kuti tsiku lomwe adzamusiye, pamudzi padzakhala maliro awiri.

"Amangonena, mayi," ndinatero ine. "Amuna a kunyanja akaledzera amanena zambiri. Ine ndemwe ndimauza anthu tsiku lililonse kuti ndiwapha."

"Munayamba mwafinyapo munthu pakhosi mpaka kukomoka?"

"Ayi."

"Ndiye inu ndi iye ndinu osiyana. A Bizweki, khofi ndi nkhanza, chibakera ndi nkhanza, zonse timaziletsa. Koma khosi ndi nkhani ina. Mwamuna amene wafika pamenepo manja ake aphunzira kale njira. Pa zonse ndamva lerozi, mchemwali wanuyu ali pangozi yaikulu. Sindikukuopsezani, ndikukuuzani zimene ntchito yanga inandiphunzitsa."

Sophia anali atanena kale kuti banja sakulifunanso. Mayi Falida sanamukakamize uku kapena uku. Anangoti, "Ngati ndi choncho, mverani. Nthawi yoopsa kwambiri si pamene akukumenyani. Ndi pamene wamva kuti mukumusiya. Ndiye asamve. Lipoti ili lipite kupolisi lero. Ine ndithamangira kukhoti kuti atipatse chiletso choti asakuyandikireni. Akadzamva za kutha kwa banja, adzamve ali m'manja mwa apolisi, osati ali pakhomo panu."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Ndamva kuti mawu anu amamveka mpaka ku Chisi."

"Amanena choncho."

"Thandizo limene ndikufuna kwa inu ndi limodzi. Mutseke pakamwa."

Munthu kundipempha ndalama ndikanakongola. Kundipempha magazi ndikanapereka. Koma anandipempha chinthu chimenecho.

Apolisi anapita kunyumba kwa Sophia madzulo a tsiku lomwelo, koma Edwadi anali atalowa kale m'nyanja. Amene simudziwa Chilwa mumvetse: asodzi athu akalowa sabwerako madzulo ayi. Amakakhala pa zimbowera, timisasa tomanga pa udzu woyandama m'kati mwa njedza, ndipo amatha miyezi ali komweko, kuphika komweko, kuwamba nsomba komweko. Njira zake ndi timipata ta m'udzu tomwe timasintha mphepo ikawomba. Apolisi athu bwato alibe. Anati adikira adzatuluke yekha kudzagulitsa nsomba, adzamugwire padoko asakudziwa kanthu. Nzeru yake inali yabwino ndithu. Inangofuna chinthu chimodzi, kuti Edwadi asamve.

Ine ndinatseka pakamwa. Mulungu ndi mboni, ndinatseka mpaka anzanga pasiteji ankandifunsa ngati ndili ndi malungo. Amene anatsegula ndi munthu amene moyo wake wonse sanakwezepo mawu: bambo anga.

Musawaone ngati munthu woipa. A Clement ndi mkulu wa mpingo, munthu woti akabwereka khasu amalibweza atalinola. Sophia anawauza zonse chifukwa ndi malume ake, sakanawabisira. Mayi Falida anawapeza pakhomo n'kuwapempha, mwaulemu, atagwada, kuti nkhaniyi isatuluke kaye. Bambo anavomera ndi mutu. Koma usiku wonse sanagone. Kwa iwo ukwati umene unamangidwa ndi ankhoswe a mbali ziwiri umamasulidwa ndi ankhoswe a mbali ziwiri. Mwana wa eni ake unamulandira masana, anthu akuona, sungamupereke kwa apolisi mobisa ngati mbuzi yakuba, akwawo osadziwa. Mawa lake anapalasa njinga kukauza nkhoswe ya Edwadi kuti banja latha, abwere adzatenge munthu wawo mwaulemu. Uthenga unalowa m'nyanja pa bwato la ogula nsomba.

Ankhoswe a mbali ziwirizo anakhala pansi Lamulungu, atatuluka m'tchalitchi. Mayi Falida sanawauze. Apolisi sanawauze. Ine sanandiuze, ati ndikanasokoneza. Ndinamva kwa wakabaza wina zinthu zili m'kati, ndipo pomwe ndinkafika n'kuti akumaliza.

Ndinafika nditakunga zibakera. Ndinapeza Edwadi atagwada pansi pa mango, atavala shati yoyera, akulankhula motsitsa moti ndinachita kuyandikira kuti ndimve. Anavomera zonse. Anati analakwa. Anati Sophia ndi mkazi wabwino, wolephera ndi iye. Nyumba ya malata anati ndi ya mwana, sachotsapo ngakhale msomali. Khoka lake, khoka limene analigwirira ntchito zaka zonsezi, analipereka kwa mng'ono wake pomwepo. Njinga anapatsa bambo. Wailesi anapatsa nkhoswe yake. Foni ya Sophia anaibweza, ndi yake yomwe anaisiya pamphasa, ati Mwayi azidzaseweretsa.

Nkhoswe yake inati, "Iwe, ukupereka zonse, udzagwiritsa chiyani?"

"Kumene ndikupitako sizifunika, amalume."

Anaimirira, anagwira chanza aliyense, ndi ine ndemwe. "Alamu, mundikhululukire." Kwa Sophia anati, "Mayi a Mwayi, lero pachuluka anthu. Ndidzabwera ndidzakutsanzike bwino." Anatenga bulangete ndi chikwanje, n'kutsetserekera kudambo kumene anasiya kabwato kake.

Amayi ena anapukuta misozi. Bambo anandiyang'ana n'kuti, "Waona? Munthu ukamulemekeza amachoka ngati munthu. Apolisi akanatani apa?" Ndisaname, nanenso zibakera zija zinamasuka. Sophia yekha ndiye sanamasuke, anagwirabe mpango wake pakhosi.

Ndinawaimbira mayi Falida ndili wokondwa.

"Mayi, zatheka popanda khoti! Munthu uja wachoka yekha, mwamtendere!"

Iwo anangoyamba mafunso.

"Wamva kuti banja latha?"

"Wamva, wavomera."

"Anakuwa? Anatukwana munthu?"

"Ngakhale pang'ono. Anali ngati m'busa."

"Katundu wake watenga?"

"Wagawa yense. Khoka, njinga, foni..."

"Ndiye watenga chiyani?"

Nditawauza, anapuma mozama. "Ndikanakonda akanatukwana," anatero. "Sophia asagone m'nyumba imeneyo lero. Ndikubwera m'mawa."

Anafika m'mawa njinga yawo ili matope okhaokha. Tinakhala pakhonde, ine, Sophia ndi bambo. Sanawakalipire bambo. Ine ndi amene ndinkafuna kuwakalipira, koma ndi bambo anga, ndinangotafuna lilime. Mayi Falida anafotokoza kuti munthu amene akuganiza zokayamba moyo wina amalimbirana katundu, amafuna khoka lake, amafuna malata ake, chifukwa ali ndi mawa. Amene ananenapo za maliro awiri, lero n'kugawa zonse, mtima uli phee, ameneyo amawaopsa kuposa wolusa.

Bambo anati, "Mayi, kodi munthu sangalape?"

"Angalape, bambo. Mwina walapadi. Ine si mneneri. Mwa amuna amene amachita zoterezi, ambiri sabweranso. Koma ena amabwera, ndipo ndilibe galasi loonera kuti uyu ali mbali iti. Ndikalakwitsa pomuopa, tataya mtendere wa miyezi ingapo. Ndikalakwitsa pomukhulupirira, tataya Sophia."

Kenako ananena zimene amauza mayi aliyense amene ali pangozi yotere: achoke kaye, apite kumalo kumene mwamunayo sakudziwa.

Sophia mawu anali atayamba kubwerera, osasa ngati a nkhalamba. "Ndipite kuti, mayi? Akazi ena akathawa banja amathawira kwawo. Ine kwathu ndi pano. Amayi anga agona apo. Wobwera ndi iyeyo. Wachoka. Ndiye ndichokenso ine?"

"Ndikudziwa."

"Mpunga wanga wayamba kubereka. Ndikachoka ndidya chiyani ndi mwanayu? Ndikakhale wopempha m'tauni, munda ndili nawo?"

"Ndikudziwa, mchemwali. Vuto lake ndi lomwelo. Iye akudziwa pomwe mumagona, pomwe mumatunga madzi, pomwe mumalima. Inu simukudziwa pomwe iye ali. Sindingakunyamuleni. Mukasankha kukhala, tipanga zimene tingathe."

Sophia anasankha kukhala, ndipo zimene tingathezo zinapangidwa. Ankagona kwa oyandikana nawo, lero uku mawa uko. Mwayi ankaperekezedwa kusukulu ndi kukatengedwa. Mayi Falida anakambirana ndi amayi a kumpingo kuti Sophia asamapite yekha kudambo, ndiponso ndi akomiti ya padoko kuti akangomuona Edwadi aimbe foni. Anamupatsa wezulo woti azimangirira pachitenje. Chiletso cha khoti chinatuluka, chodinda bwino, koma chimafunika kuperekedwa m'manja mwa mwini wake, ndipo mwini wakeyo anali m'njedza.

Ine ndinali ndi nzeru yanga. Ndinasonkhanitsa anyamata a pasiteji, tinapeza bwato, tinati tikamusake tokha. Mayi Falida anamva, sindikudziwa kwa ndani, n'kundipeza padoko.

"Mukamupeza mukatani?"

"Tikamuphunzitsa."

"Mukamuphunzitsa, omangidwa ndinu. Iye akachira. Mkwiyo wakewo akathera pa ndani? Pa inu?"

"Ndiye tizingokhala? Ntchito yanu ndi yotani kodi, mayi? Kufunsa mafunso basi? Mwayeza, mwapeza kuti ngozi ndi yaikulu, ndiye kenako? Mwatipatsa wezulo! Wezulo, ngati tili pa mpira!"

Ndinakuwa mpaka amayi oyanika matemba anaima. Mayi Falida anangondisiya ndithe. Kenako anati, "Mwanena zoona. Ndilibe bwato, ndilibe nyumba yobisamo anthu kuno, ndilibe wapolisi woti agone pakhomo pake. Ndili ndi zimene ndikudziwa, ndi njinga iyi. Bwato mwapezalo tipatseni, akweremo apolisi."

Anakweradi apolisi awiri, mafuta a injini tinasonkha. Anazungulira m'njedza tsiku lonse. Chimbowera chilichonse anthu ankati, "Anali pano dzana." "Analowera cha ku Chisi." "Edwadi wake uti?" Asodzi saperekana, ndipo ambiri a iwo anamva kuti munthuyo anapepesa pamaso pa ankhoswe n'kusiya nyumba, ndiye akumufuniranji? Apolisi anabwerako atalumidwa ndi udzudzu, manja ali lende.

Mpunga unayamba kucha. Mpunga ukamacha mpheta zimabwera ngati utsi, ndipo mwini munda amayenera kukhala pansanja kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, kukuwa ndi kugwedeza zitini. Masiku oyamba amayi a kumpingo ankamuperekeza. Koma nawonso ali ndi ndime zawo, mpheta sizisankha. Anayamba kuchepa. Ine ndinkapita ndikapeza mpata, koma minibasi sidikira. Bambo ankapita, miyendo yawo yomweyo yotupa.

M'mawa wina Sophia anafika pansanja ndi mayi m'modzi woyandikana naye. Pamtengo wa nsanjayo panapachikidwa milamba yaiwisi, ikadali kupuma, yotungidwa pa njedza ndi mfundo imene Sophia ankaidziwa bwino. Pamatope panali mapazi ochokera m'udzu ndi kubwerera m'udzu.

Bambo atamva anati, "Mwina akungofuna mwana wake adye." Koma mawu awo analibe mphamvu, ndipo sanayang'ane munthu.

Mayi Falida anabwera, anaona nsombazo, anaona pomwe nsanja yaima ndi pomwe njedza zayambira. Mwana akhoza kuponya mwala kuchoka apa kufika apo.

"Akanafuna mwana adye akanatumiza kwa a Clement pa wogula nsomba aliyense," anatero. "Apa akukuuzani kuti akudziwa pomwe mumaima, nthawi yomwe mumafika, ndipo akhoza kufikapo osaonedwa. Tsiku lija ndinati ngozi ndi yaikulu. Lero ndikuti yayandikira. Kusankha n'kwanube, Sophia. Koma mukandifunsa ine, musadikire kukolola."

Sophia anayang'ana ndime yake nthawi yaitali. Ngala zinali zitawerama, zachikasu, zongotsala pang'ono kuti chikwakwa chilowe. Chaka chimenecho unabereka kuposa zaka zonse. Anathyola ngala imodzi, anaifikisa m'manja, analuma kambewu kuti amve kulimba kwake. Kenako anafunsa, "Kumeneko sukulu ya Mwayi iliko?"

Anachoka masana, tsiku la msika, atasenza dengu la milamba youma ngati akupita kukagulitsa ku Zomba monga ankachitira kale. Zovala zinali pansi pa nsomba. Mwayi anali atatsogola dzulo lake ndi mayi wina wa kumpingo. Mayi Falida anandiuza kuti ndiyitanire monga mwa masiku onse, ndisamunyamulire dengu, ndisamupatse mpando wakutsogolo, ndisachite chilichonse chachilendo, poti padoko pali maso ambiri ndipo ena amalowa m'nyanja madzulo.

Ndinawafunsa kuti ku Zomba akatsika akalowera kuti.

"Zimenezo simuuzidwa."

"Ine? Ine amene ndinamutengera kuchipatala? Amene ndakhala chete mpaka kudwala? Mayi, mukundinyoza!"

Sophia anali atakhala kale pawindo. Anandikodola. "Usawakalipire. Ndawauza ndine kuti asakuuze."

"Iwe?"

"Udzaledzera tsiku lina, wina adzanena kuti ndinathawa ndi mwamuna, iwe udzafuna kunditeteza. Ndimakudziwa." Anamwetulira pang'ono, koyamba chiyambire tsiku la kuchipatala lija. "Amuna anga achabechabe, itanirani anthu tizipita. Mundionere mpunga."

Ndinakuwa "Zomba! Zomba!" monga mwa masiku onse. Minibasi inadzaza, ndinamenya chitseko, inanyamuka.

Mpunga sindinauone. Ndinayesa. Bambo anakhala pansanja masiku angapo ndi zitini zawo mpaka miyendo inakana, ine ndinkathamangirako ndikaweruka, koma mpheta zimadya m'mawa. Achibale ena ankaopa kuima pafupi ndi njedza zija, ndipo sindiwanena. Tinakolola zotsala, zosadzaza ngakhale matumba amene Sophia ankapereka kumpingo. Nyumba ya malata ndi yotseka. Mango chaka chino adyedwa ndi ana a eni. Bambo njinga ija sanaikwerepo, ili m'chipinda matayala ataphwa, ndipo nkhani ya Lamulungu lija sitiikamba.

Edwadi sanadziphe, sanaphe munthu, sanagwidwe. Ndiye pali anthu pano amene amati mayi Falida anangothamangitsa mwana wa eni pamudzi pake popanda chifukwa. Ndinawauza mayiwo zimenezi. Anati, "Ntchito yathu ikayenda bwino palibe chimachitika, ndiye palibe amene angadziwe ngati tinalondola. Nanenso sindidziwa."

Mwezi wathawu ndinamuona. Ndinatsikira kumadzi kukatenga katundu wa kasitomala, ndipo kabwato kena kanali kataima patali pang'ono, kuseri kwa matope oti munthu sungathamangepo. Anali atawonda, ndevu zili nyankhalala. Anatsamira nsungwi yake yopondera bwato n'kundiyang'ana.

"Alamu! Kunyumba ali bwanji? Mayi a Mwayi sakuonekatu masiku ano."

Mawu onse amene ndili nawo, amene ndimadyera, amene anthu amandiopera, anafika pakamwa. Ndinawameza. Ndinatulutsa foni kuti ndiimbire apolisi. Iye anaseka pang'ono, anakankha nsungwi, n'kulowa m'udzu mosafulumira. Pomwe wapolisi ankafika pa njinga yake yakapalasa, panali patangotsala madzi.

Mayi Falida nditawauza anafunsa mawu enieni amene ananena, ndinawabwereza. Anati, "Akufunsabe. Ndiye asabwere kaye."

"Mpaka liti, mayi?"

"Sindikudziwa, a Bizweki."

Sophia amaimba mwa apo ndi apo, pa nambala yobisika. Sanena komwe ali, ine sindifunsa. Akuti amachapa zovala za anthu. Akuti Mwayi wayamba kulankhula ngati mwana wa m'tauni. Dzana anaimba mvula yoyamba itangogwa, ndikumva kuti kumenekonso ikugwa padenga.

"Kwanuko yagwa?"

"Yagwa."

"Kudambo madzi alowa?"

"Alowa."

"Anthu ayamba kufesa?"

"Ayamba."

Kenako anati, "Nanga ndime yanga?"

Ine wa pakamwa, ndinangogwira foni kukhutu mpaka mayunitsi ake anatha.